Mitanda Inayi pa Kalendala ya Telala

Kodi mungalote chimene chinkachititsa mwamuna wansangala kukhala duu ngati mwala kamodzi pamwezi?

Telala wina anali pabanja ndi mwamuna wokonza mawotchi. Mwamunayo anali wanthabwala, woti akangolowa m'nyumba ngakhale alendo ankaiwala zotsanzika. Koma kwa miyezi inayi, tsiku lina pamwezi ankabwera atavala magalasi akuda, n'kukhala pampando wapakona osayankhula. Mkazi wake akamufunsa, ankangoti, "Ndatopa." Masiku awiri otsatira ankapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, ngakhale supuni ikagwa.

Loweruka lina masana, telalayo anapita kukaonera filimu ndi mnzake wa kusaluni. M'filimumo, wopenda nyenyezi anauza mtsikana wina kuti mwezi wa tsiku lake lobadwa sugwirizana ndi wa mwamuna wake. Awiriwo akangoyamba kukangana, pawindo pankaoneka mwezi wathunthu. Pamapeto pake mtsikanayo anathetsa banja, nyimbo yokoma n'kulira.

"Waona, mnzanga? Ndiwe ndendende!" anatero wa kusaluni akutuluka. Anatulutsa foni n'kulembamo masiku obadwa a telala ndi mwamuna wake. "Wako ndi mwezi wamoto, wake ndi wamadzi. Moto ndi madzi zikakumana chimatsala n'chiyani? Utsi basi!"

"Ndiye ndim'funse bwanji?"

"Um'funse chiyani? Ukufuna kukangana ndi kumwamba? Ine wanga ndinam'siya nditangoona kuti ndi wamphepo."

Telalayo atafika kunyumba anatsitsa kalendala imene inali pamwamba pa makina ake osokera. Anakumbukira masiku onse a magalasi akuda aja n'kuika mitanda ndi choko chodulira nsalu. Mtanda woyamba unagwera pa tsiku lenileni la mwezi wathunthu. Mitanda ina itatuyo sanaiyang'anitsitse n'komwe.

Kuyambira pamenepo anasiya kufunsa. Mwamuna akakhala chete, iyenso ankakhala chete, akuganiza kuti nkhaniyo inagamulidwa kale asanabadwe. M'nyumba munkangomveka makina osokera. Patapita milungu iwiri analongedza zovala ndi kalendala ija m'chikwama, n'kupita kwa azakhali ake, mphunzitsi wa sayansi, kukapempha malo ogona.

Anawapeza akuchonga makope pakhonde. Azakhaliwo anamvetsera nkhani yonse osam'dula mawu, kenako anavala magalasi awo n'kuyala mapepala a kalendala aja patebulo.

"Mwana wanga, taona bwino. Mitanda yako yonse ili mumzere umodzi. Kodi mwezi unayamba liti kudziwa Lachitatu?"

Telalayo anayang'ana. Zoonadi, yonse inayi inali pa Lachitatu.

"Mwezi umatenga masiku pafupifupi makumi awiri mphambu asanu ndi anayi ndi theka kuti ukhalenso wathunthu," anatero mphunzitsiyo. "Koma mitanda yakoyi yatalikirana milungu inayi yeniyeni. Taona womalizawu, mwezi unali usanadzaze n'komwe. Zinthu zosunga tsiku chonchi zimakonzedwa ndi anthu, monga msonkhano, ntchito kapena chipatala."

"Nanga filimu ija, azakhali?"

"Ndinaionera inenso, ndipo ndinalira kuposa iwe. Koma sunaone kuti mwezi wake unakhala wathunthu milungu itatu osachepa? Amauika pawindo ndi wojambula, pamene akufuna kuti tigwetse misozi. Ndi ntchito yake, ndipo amaidziwa."

Telalayo anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Mwina ali ndi mkazi wina."

"Ine sindikudziwa, mwezinso sukudziwa. Akudziwa ndi mwamuna wako, ndipo ali ndi pakamwa. Malo ogona alipo kuno, koma uyambe wam'funsa."

Telalayo anapita kukashopu ka mwamuna wake chikwama chili m'manja. Anam'peza atawerama, akupapasa patebulo ndi zala kufunafuna kasikuluwu ka wotchi. Kasikuluwuko kanali poonekera, pafupi ndi dzanja lake lomwe.

"Bambo, Lachitatu lija mumavala magalasi akuda, mumakhala mukuchokera kuti?"

Mwamunayo anakweza mutu, n'kuyang'ana chikwama chija. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa khadi la kuchipatala ndi kabotolo ka mankhwala odontheza m'maso.

"Ndinkaopa, mkazi wanga," anatero motsitsa mawu. "Wokonza mawotchi wosaona ndi wantchito yanji? Ndinkati ndidzakuuzani ndikadzachira."

"Ndiye mumafuna mudwale nokha, ine ndili kalikiliki kuimba mlandu mwezi?"

Telalayo anatola kasikuluwu kaja n'kumuikira m'dzanja. "Lachitatu likubweralo tipitira limodzi. Ndipo adokotalawo ndikawafunsa mafunso mpaka atope nane."

Phunziro: Filimu ndi yosangalatsa, koma banja lako silinalembedwe ndi wojambula kapena wopenda nyenyezi. Mnzako akasintha, m'funse mwachikondi usanagamule mlandu. Chimene chinkam'khalitsa chete wokonza mawotchi uja sunali mwezi. Milungu inayi iliyonse ankapita kukapimitsa maso ake, amene anali atayamba kuchita khungu.