Maliro Odikira Dzanja la Jaji

Mukaila anawaona komaliza bambo ake ali moyo m'kabokosi ka oimbidwa mlandu, atagwirira thabwa, mapazi atatupa ngati zilazi. Anali a Rasaki, dalaivala wa lole. Anawagwira ndi mpunga wozembetsa m'malire utabisidwa pansi pa anyezi. Mwini katunduyo anangoti zii.

"Mbuye wanga, ndingakhaleko pansi?" anapempha motero.

Jaji Fidelis Agbonma sanadzutse mutu. Ankalemba yekha mawu aliwonse, modekha ngati akupeta chovala chaukwati. Belo anapereka ndithu, bola pabwere mkulu wa m'boma wokhala ndi nyumba ku Abuja, likulu la dzikolo, adzawaikire kumbuyo. Dalaivala wa m'tauni ya Lokoja akamudziwira kuti munthu wotere? Mukaila anasiya maphunziro azamalamulo n'kumagogoda pamageti a anthu osawadziwa. Ankamuyankha ndi agalu.

Bambowo anatsirizikira kundende Lachinayi m'mawa. Msilamu sachedwa kulowa m'manda, koma woyang'anira ndende anakana nawo mtembo.

"Mphwanga, wamoyo kaya wakufa, munthuyu ndi wa khoti. Jaji asaine kaye."

Tsiku lomwelo kukhoti kunali mwambo wotsanzikana ndi jajiyo, poti anali atakwezedwa kupita kukhoti la apilo. Mukaila anaima kumbuyo, nsalu yoyera ya maliro ili m'khwapa. Maloya ankaimirira mmodzimmodzi, thukuta likuchucha pansi pa tizipewa tawo taubweya, aliyense kufuna kuposa mnzake. Ati mwana wa mphunzitsi wa katekisimu, ankapita kusukulu chosavala nsapato. Ati anayambira pansi, kuweruza akuba mbuzi, mpaka boma lalikulu linamuona. Ati pa zaka zake zonse palibe chigamulo chake chimene chinagwetsedwa.

"Chigwetsedwa bwanji chinthu choti sanagamule?" ananong'ona mlonda wa pakhomo. "Uyutu ngakhale mkazi wake akafunsa za mchere amati abwerenso mwezi wamawa."

"Mbuye wathu sanapupulumepo," anatero loya wina wamimba, manja ali pachifuwa. Anthu anawomba m'manja.

Mukaila anamupeza jajiyo m'khonde akupita kokadya mpunga waphwando. Mnyamatayo anagona chafufumimba monga amachitira mwana kwa akulu pachikhalidwe cha kwawoko, chipumi pafupi ndi nsapato zonyezimira.

"Bwana, bambo anga amwalira. A Rasaki, a lole aja. Mungosaina tikawaike."

"Pepa mwana wanga, Mulungu awalandire." Mawu ake anali ofewa ngati buledi wonyowa. "Koma kuyambira m'mawa uno si ine jaji wa khoti lino. Ndikasaina ndiphwanya lamulo. Akuti unkaphunzira malamulo, si choncho? Ndiye ukudziwa. Mlandu uyambiranso kwa jaji watsopano."

Anamulambalala bwinobwino, osamuponda chala n'chimodzi chomwe.

Lolemba Mukaila anabweranso ndi nsalu ija. Bambo ake, amene ankadana ndi kuzizira mpaka kugona ndi juzi m'chilimwe, anali m'firiji ya mitembo. Kalaliki anaitana dzina lawo, naitananso mokweza, kuyang'ana kukhomo ngati alowa.

"Woimbidwa mlandu ali kuti?" anafunsa jaji watsopano.

"Tamva kuti anamwalira, Mbuye wanga," anatero loya wa boma, "koma a kundende sanatidziwitse mwalamulo."

Mukaila anaimirira. Mlonda uja anamugwira phewa n'kumukhazika pansi mwaulemu. Jaji anafunsa tsiku limene maloya ali ndi mpata. Kalaliki analengeza tsiku loti mlanduwo udzapitirire, miyezi ingapo kutsogolo.

Pa 14 Okutobala.