Masiku Awiri a Ukwati Wathu

Tinanyamuka ku Irbid pa basi yam'mawa, Zeid ali mtulo pachifuwa panga, fayilo ili m'manja mwa bambo ake. Mwamuna wanga Mutaz ndi namwino. Chipatala china cha ku America chinamulonjeza ntchito zaka zitatu zapitazo, ndipo ili linali tsiku lokaonekera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Amman, likulu la dziko lathu, kuti tonse atatu atipatse chilolezo chokakhazikika kumeneko.

M'chipinda chodikirira maso anga sanakhale pamodzi. Ndinazindikira msanga kuti amene wavomerezedwa amachoka pazenera chimanjamanja, mapasipoti atatsala kuti akadindidwe. Wokanidwa amabwerera nawo. Mayi wina anatidutsa atafumbata anayi.

“Mayi a Zeid, mumuthyola nthiti mwanayo,” Mutaz anandinong'oneza. “Ndine namwino inde, koma lero sindili pantchito.”

“Sekani nokha. Mapepala mwawaonanso?”

“Kakhumi konse. Mwalongedzamo ndi zinyalala zanu zomwe, makhadi, zithunzi. Mwangoiwala poto.”

Nambala yathu inaitanidwa. Kuseri kwa galasi kunali mzimayi wachizungu wa imvi, pambali pake mtsikana womasulira, wakwathu konkuno. Tinakweza manja n'kulumbira kunena zoona. Za ntchito Mutaz anayankha yekha m'Chingerezi, mzimayiyo akugwedeza mutu. Kenako anafika pa kalata yathu ya ukwati. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana kompyuta, n'kubwereranso pa kalatayo. Mutu unasiya kugwedezeka.

“Akuti pa fomu yoyamba, ya mu Malichi, munalemba kuti simunakwatire,” anatero womasulira. “Koma kalatayi ikuti munakwatirana mu Januwale chaka chomwecho. Choona n'chiti?”

Aliyense amadziwa kuti wopezeka ndi bodza pa mafomu amenewa amamutsekera khomo moyo wake wonse. Kuchipatala cha ku Irbid Mutaz anali atatsanzika kale.

Mu Januwale m'pamene tinakalembetsa ukwati kwa shehe. Koma zikatero anthu amangoti mwatomerana. Ine ndinakhalabe kwa bambo anga, ndipo Mutaz akabwera kudzacheza, mchimwene wanga ankadzikhazika pakati pathu ngati mtsamiro, mpaka phwando la mu Ogasiti. Ndani akanamutcha wokwatira mu Malichi?

Ndinamuyang'ana Mutaz kuti afotokoze. Munthu amene amapeza mtsempha wa khanda dzanja osanjenjemera anangoti kukamwa yasa. “Ine… sitinali…” Mzimayi uja anasonkhanitsa mapasipoti athu atatu n'kuwaika pafupi ndi kabowo ka pansi pa galasi. Ndinaona chala chake chili pamwamba pawo, chikungodikira kukankha.

Ndinalanda fayilo. Mapepala anamwazika pansi, Zeid anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Kumapeto kwenikweni ndinapeza khadi loitanira anthu kuphwando, la maluwa agolide, limene Mutaz ankaliseka.

“Achemwali, inu mukudziwa mmene timachitira. Auzeni, chonde,” ndinauza womasulira uja.

“Ntchito yanga n'kumasulira basi, mayi.”

“Ndiye masulirani izi. Mu Malichi bambo awa anali asanamweko ngakhale tiyi wophika ine m'nyumba yawo. Akanayerekeza kunena kuti ndine mkazi wawo, bambo anga akanawathamangitsa ndi ndodo. Tsiku ndi ili, pakhadipa.”

Mtsikanayo anamasulira, ndipo ndinaona kuti pa nkhani ya ndodo analuma mlomo. Mzimayi uja sanaseke. Anatenga khadilo, analitembenuza, anafunsa kumene ndinkagona pakati pa Januwale ndi Ogasiti, anafunsanso Mutaz funso lomwelo. Kenako anayamba kulemba pa kompyuta. Analemba nthawi yaitali moti mkono wonyamulira mwana unachita dzanzi. Ine maso anali pa mapasipoti.

“Akuti lamulo limawerenga Januwale,” anatero womasulira. “Alemba kuti munalakwitsa, simunaname. Tsiku lina mukafunsidwa, muzitchula la kwa shehe.”

Khadi linatulukira pakabowo paja. Linatuluka lokha.

Sindikumbukira mmene tinafikira panja. Dzuwa litandimenya kumaso ndinayamba kupapasa m'fayilo, m'thumba la matewera, m'matumba a jekete la Mutaz.

“Mapasipoti! Bambo a Zeid, mapasipoti tawasiya!”

Anandigwira dzanja. Anamwetulira.

“Tawasiyadi,” anatero.