Malovu a Mavundla m'lipenga la mwamuna wanga

Kaizer Mavundla anathira malovu ake m'lipenga la malemu mwamuna wanga, pamaso pa anthu odzaza holo ya ku yunivesite, ndipo Pulofesa Lombard anamuombera m'manja. Mlandu wake ndi umenewo. Ndayamba ndi mayina awo dala, chifukwa ku Umlazi kuno aliyense akutchula langa lokha. MaSishi wapenga. MaSishi watichititsa manyazi.

Velaphi Ngcoya, mwamuna wanga, analiza lipenga limenelo moyo wake wonse, m'maukwati, m'mabala, m'maliro a anthu ena. Chuma sanasiye. Anasiya lipengalo ndi mwana mmodzi, Nomvelo, amene akuphunzira zoimba ku yunivesite ndipo ali m'bandi yawo yaikulu ya jazi. Nayenso ndi wa lipenga. Velaphi ali m'chipatala, kupuma kukuvuta, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Wanga ukatha, mpweya woyamba kulowa m'lipenga lija ukhale wa mwanayo. Ndipo iwe ukhalepo, umve." Basi. Sanali munthu wa zonena zambiri.

Tsono a ku yunivesite anakonza zoti bandi ija iimbe nyimbo za Velaphi pomukumbukira. Ali moyo sanamuitanepo n'kamodzi komwe, koma zisiyeni izo. Anati kubwera mlendo, katswiri wa lipenga wokhala ku Jeremani, mwana wa konkuno amene anakulira limodzi ndi malemu. Mavundla ameneyo. Kumaliro sanabwere, ngakhale foni sanaimbe. Nyimbo yomaliza, anatero a ku yunivesitewo, Nomvelo adzaima yekha kutsogolo ndi lipenga la bambo ake.

Ine ndidakali m'zakuda. Mkazi wa m'zakuda sapita pagulu, sakhala anthu ali kumsana kwake, sakweza mawu, ndipo dzuwa lisamulowere ali kunja kwa mpanda. Mlamu wanga Gabisile, mchemwali wa malemu, ndiye wapolisi wa zimenezi pabanja pathu. Palibe anamusankha.

"Jazi?" anatero. "Dothi la pamanda a achimwene silinaume n'komwe, iwe ukufuna jazi?"

"Sindikukavina, mlamu. Ndikukamva mwana."

"Mwana ungamumvere m'nyumba muno."

"Ndi anzake onse aja? Akhala pati, pabedi pako?"

Tinakokana mpaka amalume a malemu analowererapo. Anandilola, poti zinali zamasana. Lipenga analitulutsa m'bokosi, analiwaza mankhwala monga timachitira ndi katundu wa womwalira, n'kumuuza malemu mwini wake kumene likupita. Nomvelo sanaliike pamlomo. Ankayeserera pa la kusukulu, la bambo ake n'kumangolipukuta ndi kansalu. Gabisile anati apita nane. Osati kukamva nyimbo ayi. Kukayang'anira dzuwa.

Mu minibasi ndinakhala mpando wakumbuyo kwenikweni. Titafika, Pulofesa Lombard, mzungu wamtali woyendetsa bandiyo, wovala malaya a maluwa amene Velaphi sakanavala ngakhale ataledzera, anandithamangira atatambasula manja. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Mayi Ngcoya! Takusungirani mpando kutsogolo, pakati penipeni!"

"Kutsogolo? Anthu onsewa azindiyang'ana msana?"

Mwambo wathu sankaudziwa n'komwe. Munthu wa mabuku onse aja, wamera imvi ku Durban konkuno. Gabisile anaseka cha m'mphuno. Tinakakhala mzere womaliza, pafupi ndi chitseko, ndipo mpando wanga uja anakhalapo mayi wina wa wigi yofiira amene sindimudziwa.

Mlendo anachedwa. Ana anakhala pansanja ndi zitsulo zawo zonyezimira, thukuta lili kamukamu m'majekete. Atatopa kudikira anayamba okha. Ndinene zoona, ana aja amatha. Malipenga onse ataphulika limodzi ndinawamva m'mimba muno. Nomvelo anali mzere wakumbuyo, bokosi la bambo ake lili pamapazi.

Kenako analowa mwini tsiku. Chipewa choyera, nsapato zoyera, mpango m'khosi kutentha konse kuja. Asanaimbe kanthu anagwira maikolofoni. Anatiuza za kuzizira kwa ku Berlin. Anatiuza za mkazi wake wachitatu. Anati iye ndi Velaphi anali a ponda apa nane mpondepo. Kenako anatsika pansanja, anavula chipewa, anagwada pamaso pa mayi wa wigi uja n'kumupsompsona dzanja. "Mlamu wanga, pepani ndi zovutazi." Mayiyo, osachita manyazi, anapukuta maso ndi kampango.

Gabisile anandinong'oneza, "Ameneyu si uja anathawa ndi jekete la achimwene?"

"Ndi yemweyo."

"Wanenepa."

Atayamba kuimba, osafunanso kusiya. Pulofesa akakweza dzanja kuti bandi ilowe, iye ankatsinzina n'kupitiriza. Anthu m'manja. Iye n'kuwonjezera. Ana a masakisifoni ankakweza zitsulo zawo kukamwa n'kutsitsa, kukweza n'kutsitsa, ngati nkhuku zikumwa madzi. Pazenera la m'mwamba kuwala kunayamba kufiira. Gabisile anandigunda ndi chigongono.

"Dzuwa, mlamu."

"Ndili ndi maso."

"Mzere wa minibasi nthawi ino umakafika kumsika."

"Ndati ndili ndi maso."

Pomaliza Pulofesa anatchula dzina la mwana wanga. Nomvelo anatsegula bokosi, anabwera kutsogolo lipenga atalifukata ngati khanda. Ndi lakale, lobenduka pang'ono kukamwa kwake pomwe Velaphi anagwa nalo pa ukwati wina ku Isipingo. Ndinaimirira kuti ndione bwino, poti kumbuyo kwanga kunali khoma lokha.

Mavundla analiona. "Aaa! Kodi si nkhalamba ija iyi? Tabwera nayo kuno, mwanawe, ndiipatse moni."

Mwana woleredwa bwino angakanize bwanji munthu wamkulu pagulu? Anayang'ana Pulofesa. Pulofesa anagwedeza mutu akumwetulira, manja akuomba. Ankadziwa! Nomvelo anali atamuuza mawu a bambo ake, ndipo iye yemwe anawabwereza kwa anthu potsegulira mwambowo, dzanja lili pamtima. Mavundla analikwatula lipengalo, ananyambita milomo, n'kuliza.

Sindikukumbuka ngati ndinaganiza. Ndinangopezeka ndili pakanjira kapakati, ndikutsika, holo yonse ili kumsana kwanga. Gabisile kumbuyo, "Mlamu! Iwe mlamu, bwerera!" Ndinakwera masitepe. Wa ng'oma ndiye anayamba kundiona, anasiya. Ena anatsatira mmodzimmodzi. Mavundla yekha, atatsinzina, masaya atafufuma ngati chule, ankangopitiriza. Ndinagwira lipenga kukamwa kwake kwakukulu kuja n'kukoka. Linachoka pamlomo pake ndi kamawu konga ka mbuzi yopondedwa.

"Mayi, n'chiyani kodi?"

"Mayi wako ndani? Sukundidziwa, Kaizer? Unkadya m'nyumba mwanga ulibe ndi nsapato zomwe."

Anayang'ana ine, anayang'ana wa wigi uja, anayang'ananso ine. "Aa, MaSishi! Mlamu! Ine ndimangolemekeza m'bale wanga..."

"Ulemu wako unali kuti tsiku lomuika? Lako lili apo, lagolide. Kalavulire m'menemo."

Maikolofoni inali yoyatsa. Zimenezo ndinazidziwa pambuyo pake.

Ndinapukuta poika milomo ndi nsonga ya mpango wanga wakuda, ndinapukutanso, koma malovu olowa m'kati ungawapukute? Ndinalipereka kwa Nomvelo.

"Imba."

Mwana misozi ili chuchuchu. "Amayi, chonde. Anthu akujambula."

"Ajambule. Imba."

Asanalikweze n'komwe alonda awiri anali atafika. Sanandikhudze. Ndi ana a kwathu konkuno, amadziwa kuti wa m'zakuda sagwidwagwidwa. Anangotambasula manja ngati akukusa ng'ombe yolusa, "Tiyeni mayi, tiyeni mayi," mpaka panja. Pulofesa anangotembenukira ku bandi yake. Chitseko chinatsekedwa, chija cholemera chokhala ndi thonje m'kati.

Ndinaika khutu pachitsekopo. Patapita kanthawi ng'oma inayamba, kenako bandi yonse, kenako lipenga limodzi pamwamba pa onse. Koma la ndani? M'menemo munali malipenga a ana ena aja ndi la Mavundla lagolide. Kuseri kwa thabwa onse ankamveka chimodzimodzi, ngati wailesi ya aneba. Ndinapempha mlonda kuti atsegule pang'ono pokha, polowa chala. Anati amuchotsa ntchito. Ndinamuuza kuti amene akuimbayo ndinam'bereka ine. Anati, "Pepani mayi," maso ali pansi, msana uli pachitseko. Gabisile anandikoka mkono. Dzuwa linatilowera tili pamzere wa minibasi, ndipo sanasiye kundikumbutsa mpaka pageti.

Tsopano tamverani. Amalume akuti ndipereke mbuzi, chifukwa ndinakweza mawu pagulu ndipo mdima unandipeza kunja. Pulofesa watumiza uthenga woti zikanakhala bwino ndikanapepesa mlendo asanakwere ndege, poti wakhumudwa kwambiri ndipo mlomo wamutupa. Anyamata a pakona andiika m'mafoni, kamawu ka mbuzi kaja akumakabwerezabwereza n'kumagwa ndi phwete. Nomvelo wabwera Loweruka, bokosi walilowetsa pansi pa bedi.

Ndamufunsa, "Woimba lipenga uja unali iwe?"

"Ndinali ine, amayi."

"Unaimba bwino?"

"Sindikudziwa. Sindinkamva kanthu." N'kukadzitsekera kuchipinda. Chakudya chake ndadya ndekha.

Gabisile akuti ndionere pa foni, anthu anajambula zonse. Pa foni! Ndinakangana ndi mudzi wonse kuti ndikaonere mwana wanga pa kagalasi kong'aluka ka Gabisile?

Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi, mwina pali zimene mutu wanga sukuzigwira. Inu amene mwawerenga mpaka apa ndinu ophunzira. Mbuzi ndipereka, dzuwa linalowadi, sindikana. Koma kwa Mavundla ndikagwade ine? Munthu wamkulu ndi ndevu zake atatsomphola chakudya pakamwa pa mwana wanu wamasiye, inu muli pomwepo, mukanakhala phee pampando n'kumaomba m'manja? Musandiuze kuti pepani. Musandiuze kuti oimba amatero. Ndiyankheni ine, msanga, ndege isananyamuke: wopepesa ndani apa?