Kansalu Kofiira pa Njira ya Kumanda

Chaka cha 1954 mzungu wa esiteti ya fodya kufupi ndi Nsaru anandituma kukalemba antchito. Ndinabwera nawo a mitundumitundu: Alomwe a ku Mulanje, Atumbuka a ku Mzimba, Ayao anayi amene sankadya nyama yozinga ife, ndi Achewa anzanga. Ine Elifasi ndinali kapitawo wawo, komanso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Kulamulira anthu osamvana zilankhulo kumameretsa imvi. Ukati kumadzulo, wina alowera kum'mawa, n'kumakuyang'ana ngati wopusa ndiwe.

Ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkainyadira kwabasi. Pamalo podula nkhuni zootchera fodya ndinkazika ndodo yomangirira kansalu. Munthu angotsata kansaluko, basi. Nsalu imene inalipo pa esiteti inali yofiira. Nditaiona ndinakayika pang'ono, koma ndinati zakale zinapita.

Lachinayi lina m'mawa Jailosi, Mtumbuka wamtali, anabwera ali wefuwefu, nkhwangwa atataya.

"A kapitawo, Zakeyo amugwira!"

"Wamugwira ndani?"

"Zinthu za nthenga kumutu. Tinaona kansalu kofiira pa njira yolowa m'nkhalango ija, iye n'kutsogola. Ine ndathawa."

Nkhalango ija inali manda, ndipo m'menemo munali dambwe, kumene amuna a gule wamkulu amakonzera zilombo. Kansaluko kanali kawo, kochenjeza osavinidwa kuti asayandikire. Wobadwira kuno aliyense amadziwa zimenezi. Nanga Zakeyo, Mlomwe wofika sabata ziwiri zapitazo, akanadziwa bwanji? Anangotsata zimene ndinamuphunzitsa ine.

Mkazi wake Benedeta anadzigwetsa pamapazi panga akulira. Kumbuyo kwake Alomwe anali atatenga kale zikwanje.

"Mukapanda kumubweretsa, tilowamo tokha," mmodzi anatero.

Achewa anangoima pambali, maso ali pa zikwanjezo, ndipo ndinadziwa mbali imene akaime zikavuta. Pakanagwa mitembo tsiku limenelo. Ndinachita mantha kwambiri.

A Gideon, kalipentala wa pa esiteti, mkulu wa mpingo mnzanga, anandigwira mkono.

"A Elifasi, tumizani njinga kupolisi. Mkhristu salowa kumene kuja."

"Njinga ikamabwerako, munthu atatha."

"Ndiye inu mukatani? Akakumenyani monga iye."

A Gideon sankadziwa, ndipo mumpingo monse palibe ankadziwa, kuti ndili mnyamata kwathu ku Kabudula ndinavinidwa. Pobatizidwa ndinabisa. Ndipo lamulo ndinkalidziwa bwino, poti ndinadulapo ena ndi pakamwa panga pomwepa: wopezeka kudambwe amadulidwa mumpingo.

Ndinavula jekete n'kulowa njira ija ndekha. Nditadutsa kansalu, kukuwa kunayamba mbali zonse. Amuna atatu ananditsekera njira ndi zikoti, n'kuyamba kundifunsa mafunso awo achinsinsi oyesera munthu ngati anavinidwa, amene sindinganene pano. Chimene chinandiopsa koposa si zikotizo ayi. Pakamwa panga panayankha pokha, osaphonya ngakhale limodzi, patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndikuimba nyimbo za Mulungu.

Zakeyo anali womangidwa pamtengo, msana uli mikwingwirima yokhayokha.

"Mlendoyu sanalakwe," ndinatero. "Wolakwa ndine. Ndinamuphunzitsa kutsata nsalu yofiira."

"Inu wodziwa mwambo, n'kumasewera ndi nsalu yathu?" wamkulu wawo anafunsa.

Ndinagwada. Tinakambirana mpaka dzuwa linafika paliwombo, n'kugwirizana kuti ndipereke mbuzi ndi nkhuku ziwiri, ndipo Zakeyo atseke pakamwa pa zimene waona. Anamumasula.

Titatulukira, Alomwe anatsitsa zikwanje, Benedeta n'kuthamangira mwamuna wake. A Gideon okha sanasunthe. Anayang'ana msana wa Zakeyo, kenako malaya anga oyera bwinobwino.

"Inu mwatulukamo bwanji opanda bala?"

Yankho lake a Gideon anali atalidziwa kale.

Nsalu zofiira ndinaziwotcha tsiku lomwelo, ndipo anthu onse anabwerera ku ntchito. Lamulungu dzina langa analiwerenga pamaso pa mpingo kuti ndadulidwa, ine nditakhala pabenchi yakumbuyo. Chikho cha mgonero, chimene ndinagawa ndi manja angawa zaka khumi, chinafika pamzere wathu n'kundidumpha.