Diso Lakumanja la Achemwali

Achemwali anga ndi telala, ndipo telala wopanda maso ndi munthu wotheratu. Adayamba kugunda mafelemu a zitseko, kasitomala akaima pambali osamuona. Dokotala anati pansi pa ubongo pamera chotupa chomwe chikupanikiza mitsempha ya maso. Asanachichotse, anafuna kuwabaya jakisoni woyeza mmene mbali imeneyo ikugwirira ntchito.

Kuyeza kumeneko ndiko kudabweretsa tsoka. Atangowabaya, mutu unawagwira ngati awamenya ndi nyundo, anasanza, chikope chakumanzere n'kugwa. Dokotala sanabise. Anati chotupa chataya magazi mkati, zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo akapanda kuchichotsa lero lomwe kudzera m'mphuno, maso onse apita.

Basi alamu, amuna awo, anayamba kupinda bulangete. Akuti ngati kuyeza chabe kwatseka diso, nanga mpeni uchita zotani? Beseni, kapu, sopo, zonse m'chikwama. Mpaka nsapato za achemwali anazikumbatira kukhwapa, ngati opaleshoni amapangira kuphazi. Ine mtima unandiwira. Ndinawauza kuti mantha awo akawathire mchere adye okha, koma iwo anayankha kuti mkazi ndi wawo, ine ndingokhala chete.

Achemwali anadzuka pang'onopang'ono, atagwira chitsulo cha diripi.

"Bambo, mkazi ndine wanu, sindikukana. Koma maso ndi anga. Mukanditengera kunyumba, mudzandiboolera ndinu mabatani?"

Achemwali anayenda chosavala nsapato pasimenti pozizira paja, n'kukagona okha pa machira amatayala. Ine ndinawakankhira limodzi ndi nesi mpaka pachitseko chomwe achibale saloledwa kudutsa.

Anatuluka mphuno itadzaza thonje. Anawaletsa kumina ndi kuwerama, ndipo kwa masiku ankamwa madzi ngati ng'ombe, mpaka mankhwala anathetsa ludzulo. Diso lakumanja linapulumuka. Lakumanzere linatseguka, koma silinaonenso kanthu.

Pano ali kushopu kwawo. Makina anawatembenuza kuti kuwala kwa pawindo kuzigwera kumanja, ndipo ulusi amalowetsa okha pasingano, ukafuna kuwathandiza amakumenya dzanja. Alamu amabwerabe masana kudzanena kuti paja iwo ankanena, akanawamvera diso lija likanakhalapo. Achemwali sakangana nawo. Amangowakokera mpando, n'kuwakhazika kumanzere.