Mabandeji a Sisitala Febbie

Ine ndinamuuza Eneles, mdzukulu wangayo, m'mawa womwewo akusita yunifomu yake ya unamwino: "Akakakufunsa kanthu kumeneko, iwe ukangoti zonse zili bwino. Nkhondo ino ili ndi makutu."

Anaseka. "Agogo inu, ndi maphunziro chabe. A matroni atopa ndi mikangano yathu, ndiye aitana mzungu wina atiphunzitse kukhalirana bwino."

Mikangano inalipodi. Sisitala Febbie, mkulu wa wodi yawo, sankamutchula dzina mwanayu. Ankangoti "iwe wa ku Nyasalande," ngati mwanayu sanabadwire m'komboni ya Highfield mommuno. Mabandeji akasowa, wokalipiridwa anali Eneles.

Anabwerako akumwetulira. "Anatikhazika mozungulira, agogo. Akuti aliyense anene chomupweteka, osatukwana. Ndiye ine ndinati zimandiwawa a Sisitala Febbie akamalonga mabandeji m'chikwama mwawo, kenako n'kumati ndasowetsa ndine. Mtima wapepuka bwanji!"

"A matroni analipo?"

"Analipo. Amalemba."

Mwanayu ankayesa kuti Febbie amakagulitsa kumsika. Koma akuluakulu tonse mu laini yathu tinkadziwa: Febbie ali ndi mlongo wake kutchire, kwa anyamata omenya nkhondo aja, ndipo mabandejiwo ankapita komweko.

Lachinayi apolisi anamutenga Febbie ali pantchito, kachipewa koyera kadakali kumutu.

Anamwino anzake anasiya kumulankhula Eneles. Tiyi ankamwa yekha. Pa kabati yake wina analembapo mawu a Chishona aja, "mutengesi," wogulitsa anzake. Amene apatsidwa dzina limenelo masiku ano sakhalitsa.

Ndinamugwira dzanja kupita naye kwa amake a Febbie. Tinagwada pakhomo.

"Pepani mayi, mwanayu sanadziwe. Anauzidwa kuti anene."

"Anauzidwa," anatero mayiwo, maso ali pa mbale zomwe ankatsuka. "Akadamuuza kuti apalire moto m'manja akadapala? Dzukani, agogo, mawondo anu ndi okalamba. Ine ndilibe naye mawu. Koma alipo ena amene ali nawo. Asamayendenso ndi zovala zoyerazo, amaonekera patali."

Lolemba lake anasiya ntchito, atavutikira zaka zitatu kuiphunzira. Tsopano amasoka matumba ku fakitale ina ku Graniteside, kumene sakumudziwa. Ndimamuperekeza pa basi tsiku lililonse, ndikucheukacheuka. Febbie sanatulukebe.