Mchenga m'Zipewa za Kalilole

Mu shedi ya ndege muja munalibe amene ankamutchula dzina lake lenileni. Onse ankati Kalilole, chifukwa mayiyu akapolisha mphuno ya ndege kapena m'mphepete mwa phiko, munthu ukanatha kumeterapo ndevu. Ndipo mwini wakeyo ankadziwa zimenezo, asa! Ankayenda ngati shediyo anamanga ndi bambo ake.

Ndiye tangoganizani manyazi ake tsiku limene kapitawo anamuitana n'kuwalitsa tochi cham'mbali pa phiko limene anali atangomaliza. Chitsulo chonse chinali timizere tokhatokha, tozungulirazungulira, ngati pakanda mphaka.

"Aka n'kachiwiri, mayi," anatero kapitawo. "Eni ake ndegeyi andilalatira mpaka khutu kutentha. Zikachitikanso, wina achoka pano. Kaya ndi ndani, ine ndilibe nazo ntchito."

Kalilole anakavula chipewa pa makina ake. Zipewa ndi tinsalu taubweya timene amaveka kumutu kwa makina opolishira. Pali zokhakhala, zoyambira ntchito ndi polishi wamchenga, ndipo pali zofewa, zomalizira. Fumbi la zokhakhala likangolowa m'chofewa, ntchito ya tsiku lonse yapita. Anapisa chala mu ubweya muja, ndipo chalacho chinamva mchenga.

Mchenga m'chipewa chake! Iye amene ankachapa zipewa zake yekha, kuyanika yekha, n'kuzivundikira m'bokosi m'chipinda cha zida! Mchenga ulibe miyendo. Analipo amene ankauthira, ndipo Kalilole sanavutike kuganiza kuti ndi ndani.

Panali bambo wina, Wamtali, amene anabwera chaka chapitacho kuchokera kotsuka magalimoto. Ankagwira mbali ya zokhakhala, ndipo anali atapemphapo kapitawo, anthu akumva, kuti naye aziphunzira kumaliza. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene Wamtali ankachita chinasanduka umboni. Akamupatsa moni, Kalilole ankati akundiseka. Akapanda kumupatsa moni, ankati mtima ukumutsutsa. Tsiku lina anamufunsa kuti zipewa amachapira sopo wanji, ndipo mayiyu anatsala pang'ono kumugenda ndi botolo la polishi.

Nkhaniyi anakaitula kwa malume ake, amene ankasunga chipinda cha zida. Malumewa ndi amene anamulowetsa ntchito, ndi amenenso anamuphunzitsa kugwira makina mpaka manja kuzolowera. Tsopano anali atakalamba, ndipo ntchito yawo inali yopereka zida m'mawa ndi kuzilandira madzulo.

"Munthu ameneyu akundikumbira dzenje, malume," anatero Kalilole. "Akufuna malo anga."

"Mtima pansi, mwanawe," anayankha malume. "Wamugwira dzanja? Munthu sumuloza chala usanamugwire."

Koma mayiyu akapsa mtima makutu ankatsekeka. Timizere tija titaonekanso kachitatu, pa mlomo wa injini, sanadikire kuitanidwa. Anapita yekha kwa kapitawo ndi chipewa m'manja, n'kukutumulira fumbi pa pepala loyera. Linali lotuwa, lofanana ndendende ndi la makina a Wamtali. Kapitawo anapukusa mutu, n'kutumiza mawu kuti Wamtali abwere ku ofesi m'mawa mwake atapinda ovololo yake.

Poweruka, Wamtali anamutsekera njira Kalilole pageti. Munthu wokonda kuseka uja nkhope inali itagwa.

"Mayi, ndakulakwirani chiyani? Ine bokosi lanu sindinaligwirepo. Ndili ndi ana, mayi."

"Anawo mukanawakumbukira pothira mchenga," anatero Kalilole, n'kumudutsa.

Komabe mtima sunakhale pansi. Ankafuna kumugwira ndi maso ake, kuti pasadzapezeke wonena kuti anamunamizira. Munthu wankhwidzi, anaganiza choncho, sangachoke osabwezera komaliza. M'mawa mwake analawirira, n'kupempha mlonda kuti amutsegulire chipinda cha zida. Anakabisala kuseri kwa shelefu ya zitini za polishi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chitseko chinatseguka, koma amene analowa anali malume. Kalilole anati atuluke awapatse moni, koma anaona chinthu chimene chinamuumitsa pomwepo. Malume ankayenda dzanja lili pakhoma. Atafika patebulo anapapasa mpaka kupeza makina a zokhakhala, n'kuwandandalika. Kenaka anatsegula bokosi lake lija, n'kutulutsa zipewa zoyera mbee, chimodzichimodzi, kuziyala patebulo lomwelo.

Anatenga chitini cha mpweya, chija cha kapaipi kofiira chimene amapopera m'timabowo ta makina kuti fumbi lisatseke injini yake. Lamulo la chitini chimenechi aliyense ankalidziwa, ndipo Kalilole analimva kuchokera pakamwa pa malume omwewa: makina umakapopera panja, mphepo ili kumsana, zoyera zonse zili zovundikira. Koma panja pankafunika kutsika masitepe n'kudutsa pakati pa mawaya ndi makwerero. Malume anapopera pomwepo.

Psiii! Fumbi lotuwa linabuka ngati utsi. Pa kuwala kwa pawindo Kalilole analiona bwinobwino likukwera, n'kutsika pang'onopang'ono pa zipewa zake. Malume sanaphethire n'komwe, fumbilo sankaliona. Atamaliza makina anatenga chipewa chimodzi, kuchisisita ngati mutu wa mwana, n'kuchipoperanso mpweya pafupi kwambiri. Mchenga wonse unali kulowa m'kati mwenimweni mwa ubweya.

Kalilole anatuluka kuseri kwa shelefu. Anaima pafupi, moti akanatambasula dzanja akanawagwira phewa. Malume anatembenuka, n'kumuyang'ana kumaso kwenikweni.

"Ndani ameneyo? Wamtali, ndiwe?"

Malume sanadikire yankho.

"Walawiriratu lero," anapitiriza malume akuseka. "Koma usakamuuze mwana wa mlongo wanga uja kuti ndimamupoperako zipewa zake. Ndi wonyada ameneuja, angandikalipire. Masiku ano zamuvuta, ndiye ndati ndizimuthandizako mwakachetechete."

"Malume, ndine."

Chitini chinagwa pansi n'kugubuduzika mpaka kunsi kwa tebulo. Palibe amene anachitola.

"Maso anayamba liti?" anafunsa Kalilole.

"Maso ati? Ndi mdima wa m'chipinda muno basi."

"Malume, dzuwa lili pankhope panu."

Malume anakhala pa mpando, manja ali pamaondo. Kenaka anati inayamba ngati nkhungu, chaka chatha, ndipo tsopano anthu ankawadziwira mawu ndi mayendedwe. Kalilole anawagwira dzanja n'kupisa chala chawo m'chipewa chimene anali atangopopera. Anaona nkhope yawo ikusintha. Munthu amene anapolisha ndege moyo wake wonse sanafunike kuuzidwa.

"Mayo ine," ananong'ona malume. "Ndiye kuti ndine?"

Kenaka anamugwira mkono mwamphamvu.

"Usakanene, mwanawe. Zipewa zako sindidzazigwiranso, ndalumbira. Timizere titha, nkhani ithera pomwepo. Akangodziwa za masowa andichotsa. Pakhomo ndikakhala ndikutani? Akazi anga kulibe, ana ali kutali. Kuno n'kumene ndimamvako mawu a anthu."

Kunena zoona, Kalilole anaganizapo. Ankawakonda malume ake kuposa munthu aliyense pansi pano, ndipo Wamtali sanali m'bale wake. Akanangotseka pakamwa, palibe akanadziwa. Koma pamene anasuzumira pawindo anaona Wamtali atakhala pabenchi ya kunja kwa ofesi, ovololo yopindapinda ili pamiyendo, akuisalaza ndi dzanja ngati ikupita kuukwati. Manyazi anamugwira.

"Pepani, malume," anatero, n'kuchotsa dzanja lawo pamkono pake.

Mu ofesi muja Kalilole wonyada uja analankhula maso ali pansi.

"Bwana, bambowa ndinawanamizira. Mchenga uja si iwo."

"Nanga ndi ndani?"

"Ndi malume anga. Sanachite dala. Maso awo atha."

Kapitawo anavula magalasi n'kutikita pamphumi. Anati munthu wosaona sangasunge zida za ndege, ngakhale atakhala bambo ake omubereka. Za kuchipatala ndi za penshoni akambirana ndi akuluakulu, koma makiyi abwezedwe lero lomwelo. Kalilole anatembenukira kwa Wamtali kuti apepese. Bamboyo sanamuyang'ane n'komwe. Anangofunyulula ovololo yake, kuivala, n'kubwerera ku makina ake.

Malume anatuluka masana, kachikwama kawo m'manja. Kalilole anati awanyamulire, koma anakana.

"Bwerera ku ntchito yako. Waisunga kale."

Mawuwo anamulasa, komabe anawatsatira cham'mbuyo. Malume anadutsa geti bwinobwino, mpaka kukafika pamsewu waukulu. Pamenepo anaima. Magalimoto anadutsa, msewu unayera, koma malume sanasunthe. Anadutsanso ena, unayeranso, iwo ali chiimire, khutu atatchera. Apa m'pamene Kalilole anazindikira kuti chaka chonsechi malume ake ankawoloka pomvera mapazi a anzawo poweruka. Lero anatuluka okha, ndipo panalibe woti amutsatire.

Anasendera n'kuwagwira dzanja, misozi ikutsika. Malume sanamuyang'ane. Koma dzanjalo sanalichotse, analifinya mpaka zala za Kalilole kuwawa, ndipo anawoloka.